Apita ndani ku Mponela?

Pa chipatala chaching'ono chakumudzi palibe nkhani yothamanga ngati ya kalata yoitana anthu awiri ku maphunziro. Envelopu isanang'ambidwe n'komwe, mlonda wamva kale, mayi wokolopa ku matenite wamva, alangizi a zaumoyo amene ali kutali m'midzi ndi njinga zawo ayamba kufulashana. Palibe wofunsa kuti maphunzirowo ndi a chiyani. Funso limakhala limodzi basi: apita ndani?

Wosaidziwa ntchito ya m'boma angati ndi dyera chabe. Koma alawansi ya sabata imodzi ku Mponela, ku Liwonde kapena ku Salima ndiyo imamalizitsa fizi ya mwana wa ku sekondale, ndiyo imagula thumba la feteleza limene malipiro analephera kugula. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, malipiro athu anasanduka ongolawa, ndipo kangachepe kalikonse kobwera chapambali kanayamba kuyang'aniridwa ndi maso ofiira.

Ndagwira ntchito ya unamwino ndi uzamba kwa zaka zambiri ndithu, ndipo zina mwa zakazo ndinali woyang'anira chipatala, amene anthu amangoti a in-charge. Dzina la malowo ndilisunga, popeza zimene ndinene pano mukhoza kuzipeza paliponse kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa. Chimene ndinaona n'chakuti anthu ogwira ntchito pamodzi sasiya kukhulupirirana chifukwa chodana. Ambiri amayamba akukondana bwinobwino. Amasiya chifukwa cha zinthu ziwiri zimene zimakonda kuchitikira kuseri: kagawidwe ka kangachepe, ndi zimene zimamuonekera munthu akalakwitsa.

Nditafika pamalopo ndinapeza mwambo woti woyang'anira amasankha yekha opita. Sindikuti amene analipo ine ndisanabwere anali wokondera. Mwina zifukwa zake zinali zomveka. Uyu amalemba malipoti bwino, uyu sachita manyazi kuyankhula Chingerezi pagulu, uyu ndiye amaona kale za TB. Vuto linali lakuti zifukwazo zinkathera m'mutu mwake. Ndipo munthu ukapanda kumuuza chifukwa, amadzipangira chake: ndi akwawo, amapemphera mpingo umodzi, pali chibwenzi pamenepa. Anthu amawerenga, abale. Mlangizi amene sakumbukira tsiku lobadwa la mkazi wake adzakuuzani mosaphonya kuti mnzake anapita kangati kunyanja chaka chatha, ndi malo amene anagona.

Chimene tinachita n'chosagometsa. Tinatenga pepala lalikulu lija lolembapo pa misonkhano, tinalemba mayina a aliyense, kuyambira adokotala mpaka mlonda, n'kulimata pakhoma la chipinda chimene tinkakumaniramo m'mawa. Kutsogolo kwa dzina tinkalemba maphunziro kapena ntchito ya alawansi imene munthuyo wapita, ndi mwezi wake. Malamulo tinagwirizana pamsonkhano, ndipo msonkhano umenewo anthu sanasinze ngati mmene amachitira tikamakamba za malipoti. Maphunziro akafuna mzamba, azamba okha ndiwo amasinthana, chifukwa sungatumize mlonda kukaphunzira kutsitsimutsa khanda. Koma ntchito zimene aliyense angathe, monga kugawa masikito, zizifikanso kwa okolopa ndi osesa panja. Wolephera kupita chifukwa cha maliro kapena matenda sataya malo ake. Wokana yekha poona kuti alawansi ya ulendowo ndi yochepa amabwerera kumchira. Lamulo lomalizali analibweretsa ndi mlonda, anthu anafa nacho chiseko, koma analivomera. Dzina langa linali pansi penipeni.

Pepalalo silinathetse zonse ayi. Makalata ena amabwera mayina atalembedwa kale, ndipo mabungwe ena amangoimbira foni munthu amene anazolowerana naye. Zikatero, chimene ndinkatha ndi kumata kalatayo pakhoma mmene yabwerera, kuti aliyense aone ndi maso ake kuti dzanja langa mulibemo, ndipo ulendowo unkalembedwabe pa dzina la wopitayo. Ena ankanyinyirika kuti mwayi wawo wobwera wokha ukuwadyera malo pamzere. Ankanyinyirika poyera, pamsonkhano, osati kuseri kwa chimbudzi. Kwa ine kusinthako kunali kumeneko.

Mu Febuluwale 2022 boma litalengeza kuti mwana wina ku Lilongwe wapezeka ndi poliyo, woyamba m'dziko muno kuchokera mu 1992, kunabwera makampeni a katemera wa khomo ndi khomo otsatizanatsatizana. Ntchito yake inali ya alangizi ndi anthu ongodzipereka a m'midzi: kuyenda dzuwa lonse ndi kabokosi kozizira paphewa, kudontheza madontho awiri m'kamwa mwa mwana, kumupaka inki pachala, kulemba choko pachitseko, n'kupita nyumba ina. Ndalama zawo zinkayenera kulowa pa foni. Zikachedwa, diso loyamba limagwera woyang'anira: adya amenewa. Kulumbira kuti sindinadye sikuthandiza, chifukwa wakudya nayenso amalumbira chimodzimodzi. Ndinkajambula mndandanda wa mayina ndi manambala amene ndatumiza n'kuuponya pa gulu lathu la WhatsApp tsiku lomwelo, kuti amene nambala yake ya Mpamba kapena Airtel Money yalakwika anene msanga. Yankho lililonse lochokera kumtunda ndinkaliponya mmene labwerera, osalikometsa. Ngakhale kulibe yankho ndinkanenabe: "Ndafunsa lero, sanandiyankhe, ndifunsanso Lachinayi." Ndiye Lachinayilo likafika uyenera kufunsadi, chifukwa pali wina amene walilemba penapake.

Ndinene pang'ono za mawu amene sindiwakonda, oti "pano tonse ndife banja limodzi". Amanenedwa ndi mtima wabwino, makamaka pa phwando la kumapeto kwa chaka, fanta ali m'manja. Koma taganizani, m'banja mwana safunsa bambo ake kuti ndalama za fodya zapita kuti. Akafunsa ndi mwano. Bwana amene amakonda mawu amenewa nthawi zambiri amakhala akupempha kuti asafunsidwe. Chimodzimodzi maulendo aja otengera antchito kunyanja kukakokana chingwe ndi kuthamanga m'masaka kuti agwirizane. Anthu amasangalaladi, sindikana. Koma amabwerera Lolemba n'kupeza rosita yomwe ija, imene munthu mmodzi yemweyo amagwira usiku wa Khirisimasi chaka ndi chaka.

Amayi a banki mkhonde anaidziwa kale nkhaniyi kuposa ife ophunzirafe. Njira imeneyi, imene bungwe la CARE linaiyambitsa ku Niger mu 1991, ili ndi bokosi lachitsulo la maloko atatu. Makiyi amasunga anthu atatu osiyana, bokosilo limagona kwa wachinayi amene alibe kiyi, ndipo limatsegulidwa gulu lonse likuona, ndalama n'kuwerengedwa mokweza. Amayiwa ndi apachibale, anavinidwa limodzi, amaphikira limodzi pa maliro, koma palibe amene amati "mwaika maloko atatu, mukundiyesa wakuba?" Amadziwa kuti malokowo ndiwo amachititsa kuti chaka chikatha agawane ndalama n'kukhalabe akupatsana moni.

Ku famase ndi kumene ndinakumana ndi funso limenelo maso ndi maso. Kubedwa kwa mankhwala m'zipatala za boma si mphekesera. Anthu amangidwapo, ndipo LA wa boma, mankhwala a malungo aja, wapezekapo m'misika ndi m'magolosale. Dongosolo lilipo kale: mankhwala akafika kuchokera ku Central Medical Stores, a komiti ya chipatala, anthu osankhidwa m'midzi yozungulira, amayenera kukhalapo n'kusainira, ndipo chilichonse chotuluka chimalembedwa pa stock card, khadi losonyeza mankhwala olowa ndi otuluka. Koma pamalo pathu kiyi inkakhala ndi munthu mmodzi, kuwerenga kwa pamwezi ankachitanso yekha. Nditanena kuti tiziwerenga awiriawiri mosinthana, ndi kuti chotuluka chizisainidwa ndi wopereka komanso wolandira, mkuluyo anandipeza pambali.

"A in-charge, zaka zonsezi ndasunga kiyi imeneyi. Lero ndasanduka wakuba?"

Ndinawauza kuti, "Bambo, inu mukudziwa kuti simunatengepo kanthu, inenso ndikukhulupirira choncho. Koma amoxicillin akatha pakati pa mwezi, kumsika amatchula dzina la ndani? Tsiku limene adzabwere ofufuza, mudzafuna pakhale siginecha ya munthu wina pambali pa yanu."

Sanayankhe. Patapita miyezi, ndi iwo amene ankakana kutsegula chitseko popanda mboni, ngakhale wopemphayo ndikhale ine.

Nkhani ya ndalama ndi yosavuta poyerekeza ndi ya zolakwa. M'zaka za m'ma 1990, Amy Edmondson wa ku Harvard anafufuza magulu a anamwino m'zipatala za ku America. Ankayembekezera kuti magulu ogwirizana bwino, okhala ndi atsogoleri abwino, apezeka ndi zolakwa zochepa pa kaperekedwe ka mankhwala. Mabuku anaonetsa zosiyana: magulu abwinowo ndiwo anali ndi zolakwa zambiri zolembedwa. Atalondola bwino anapeza kuti sikuti ankalakwitsa kuposa anzawo. Ankanena. M'magulu enawo anamwino ankaopa, ndiye cholakwa chinkakwiriridwa, buku n'kumaoneka loyera.

Aliyense amene anagwirapo ku matenite akudziwa maonekedwe a buku loyera lotere. Patogirafu, fomu yolembapo mmene kubereka kukuyendera, yodzazidwa mwana atabadwa kale, mizere yake yokongola ngati ya m'kalasi. Tchati cha pa firiji ya katemera chimene chimayenera kulembedwa m'mawa ndi madzulo, koma cholembera chake, kalembedwe kake ndi manambala ake zikuonetseratu kuti sabata yonse inalembedwa nthawi imodzi. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi 439 pa ana 100,000 obadwa amoyo ankamwalira pa zifukwa za uchembere, ndipo ndondomeko ya unduna imati imfa iliyonse yotere iunikidwe popanda kuloza munthu chala. Papepala zili bwino. Koma namwino wachitsikana amene wangoyamba kumene ntchito amaganiza za khonsolo ya anamwino, za achibale a malemu, za chithunzi chake pa Facebook, za kusamutsidwira kumalo kumene galimoto imafika chilimwe chokha. Simungamuuze kuti usaope n'kusiya kuopa. Amayang'ana zimene zinamuchitikira womaliza kuulula.

Kwa ife womalizayo anali mlangizi wachikulire, wamkulu kwa ine ndi zaka zambiri. Anabwera ku sikelo ya kumudzi Lachisanu kutada, ndipo kabokosi ka katemera kanagona m'chipinda chosungira katundu mpaka Lolemba, m'malo moti timabotolo tibwerere mu firiji. Katemera amafunika kukhala pakati pa madigiri 2 ndi 8. Akanatha kungotibwezera mwakachetechete, mwina osadziwika. Anagogoda, chipewa chili m'manja.

"A in-charge, ndalakwitsa, ndipo ndi zazikulu."

Tinayamba ndi katemerayo, osati ndi iwo. Tinayang'ana kachizindikiro ka pa botolo kamene kamada kakamva kutentha, tinapatula zonse, tinawerenga, tinalemba. Poimbira woyang'anira za katemera kuboma ndinati pa chipatala chathu pachitika zakutizakuti, ndipo mawu okalipa amene anabwera ndinawalandira ndine. Nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu, ndipo ntchito ya woyang'anira ndi imeneyo. Kenako tinafunsa kuti zinatheka bwanji. Zinapezeka kuti kiyi ya chipinda cha firiji inali ndi munthu amene Lachisanulo anapita kutauni kukatenga malipiro, ndipo mlangiziyo anati adzaona m'mawa, m'mawamo n'kugwa maliro kwawo. Kulakwa kwawo kunalipo, ndipo ndinawauza pa awiri kuti akanayenera kugogoda kunyumba kwanga ngakhale pakati pa usiku. Koma kiyi imodzi ija inali msampha wodikira aliyense. Tinadulitsa ina, yokhala ndi namwino wa usiku.

Pamsonkhano wa m'mawa ndinafotokoza chochitikacho osatchula dzina, ngakhale aliyense ankadziwa. Kenako anthu anakhala chete n'kumaonerera. Kodi awachotsa pa mndandanda uja? Kodi asiya kuwatuma ku sikelo? Kodi nkhaniyi idzatulukanso tsiku limene adzasemphane mawu ndi a in-charge? Nthawi yawo yopita ku maphunziro itakwana, anapita. Mwezi wotsatira namwino wina anabwera yekha kudzanena kuti anasokoneza mlingo wa mankhwala a mwana, tinamuthamangira mwanayo nthawi ikadalipo.

Palinso mantha a mtundu wina, oopa kuuza wamkulu kuti walakwitsa iyeyo. Pa 27 Malichi 1977, pa bwalo la Los Rodeos pa chilumba cha Tenerife, ndege ziwiri za Boeing 747, ya KLM ndi ya Pan Am, zinawombana m'chifunga zikadali pansi, ndipo anthu 583 anafa. Woyendetsa ya KLM anali mkulu wophunzitsa anzake pa kampaniyo. Ndege itayamba kuthamanga kuti inyamuke, injiniya amene anali naye kutsogoloko anakayika, n'kufunsa ngati ya Pan Am ija yachokadi panjira. Mkuluyo anayankha motsimikiza kuti inde, ndipo injiniyayo sanabwerezenso. Ngozi imeneyi ndi imodzi mwa zimene zinachititsa makampani a ndege kuyamba kuphunzitsa antchito awo kuti wamng'ono azitha kutsutsa wamkulu, wamkuluyo n'kumva.

Chimandikhudza pa nkhaniyi n'chakuti munthuyo anayankhula, koma mawu ake anawaveka ngati funso. Ife tinaleredwa momwemo. Mayi wokolopa amene wakhala ku matenite zaka zochuluka, amene waona ana obadwa ambiri kuposa namwino wongochoka kumene kusukulu, sanganene kuti "mayi uja akutaya magazi, thamangani". Adzaima pakhomo, manja kumbuyo, n'kunena kuti, "Asisita, kaya mayi wa pakona uja mwamuonanso?" Namwino wotopa amene akulemba kaundula adzati ndimuona, ndipo mphindi khumi zidzapita. Akadzangoyankhidwa kamodzi kuti "inu ntchito yanu ndi kukolopa", basi, mwataya maso awiri mu wodimo mpaka kalekale. Choncho pa lipoti la m'mawa tinasintha kayambidwe. Woyamba kufunsidwa za usiku wapitawo ankakhala wokolopa ndi mlonda, adokotala pomaliza, chifukwa wamkulu akayamba kunena kuti usiku unayenda bwino, palibe wamng'ono angatsegule pakamwa. Masiku oyamba ankangoti "zinali bwino". Pambuyo pake tinayamba kumva zinthu zimene sizilembedwa m'buku lililonse: kuti babu la kuchimbudzi cha odikirira linapsa kalekale ndipo amayi oyembekezera akumapita kutchire usiku, kuti wodwala wina anabwerera pageti chifukwa wina anamuuza kuti mankhwala kulibe pamene analipo.

Apa ndiyenera kusamala, chifukwa pali mwambi umene umagwiritsidwa ntchito molakwika pa ntchito zathuzi: mnzako akapsa ndevu m'zimire. Kuzimira mnzako amene waiwala, watopa, wasokoneza, n'koyenera. Koma pali wina amene amabwera pantchito ataledzera, wina amene amauza mayi wapakati kuti apereke kenakake pa chithandizo chimene boma limapereka ulere, wina amene katoni imamutsata kunyumba. Amenewo si olakwitsa, ndi ochita dala. Woyang'anira akawalekerera poopa kudedwa, kapena chifukwa amamwera limodzi tiyi, amene amataya mtima ndi olimbikira aja, ndipo sanena. Amangoyamba kufika mochedwa nawonso. Ndinalembapo kalata yochenjeza munthu amene ana athu ankasewera limodzi. Ndinayamba ndayankhula naye pa awiri, kenako pamaso pa mboni, kalata inabwera pomaliza, mofanana ndi mmene ndikanachitira ndi wina aliyense. Mkazi wake anasiya kundibwereka mbaula. Zimachitika.

Kolera imene inayamba mu Malichi 2022 n'kupha anthu oposa 1,700, yoopsa kuposa ina iliyonse m'mbiri ya dziko lino, inatipeza tili ndi tenti, mabedi obooka pakati, zidebe za klorini ndi madiripi osakwanira. Pamenepo sipakhala nthawi yonyengererana. Umaimba foni pakati pa usiku, munthu amene wagwira kale usana wonse n'kudzuka kubwera, kapena kuzimitsa foni. Ambiri ankabwera. Sindinganene kuti ankabwera chifukwa chondikonda. Ena mwa iwo sankandikonda n'komwe. Rosita inali pakhoma, aliyense ankaona kuti usiku wagawidwa mofanana, ndi kuti usiku wa chaka chatsopano pali dzina langa. Ankadziwanso kuti kangachepe ka ntchito imeneyo kakadzabwera, mayina adzakhala a amene analowadi mu tentimo, osati a amene anaonerera patali.

Si onse anakondwa ndi kayendetsedwe kameneka. Mmodzi, amene kale ankapita kunyanja kawirikawiri, anapempha kusamuka, ndipo sindinamuletse. Komanso zonsezi n'zosalimba kwenikweni, chifukwa m'boma anthu amasamutsidwa, ndipo wobwera m'malo mwako akhoza kumatula pepala lija tsiku loyamba. Chimene ndinatha ndi kulowetsa malamulowo m'maminitsi a msonkhano ndi kuonetsetsa kuti a komiti ya chipatala akuwadziwa, kuti wofuna kuwachotsa achite kufotokoza chifukwa.

Imene inandikanika mpaka ndinachoka ndi nkhani ya nyumba. Nyumba za ogwira ntchito zinali zochepa kuposa anthu, ndipo imodzi itatsala yopanda munthu, yokhala ndi sola komanso yosadontha, aliyense anali ndi chifukwa chomveka. Titengere udindo? Titengere amene wakhalitsa? Tinagwirizana kuti oyamba akhale amene amadzutsidwa usiku, chifukwa mayi wobereka sangadikire mzamba wochokera kumsika pa njinga mumdima. Nyumbayo inapita kwa namwino amene anali asanathe ngakhale chaka pamalopo. Amene anailuza anali mlangizi wachikulire uja, amene analipira lendi kumsika kwa zaka zambiri akudikira nyumba yomweyo. Pamsonkhano anakweza nawo dzanja kuvomereza lamulolo, ndipo ntchito anapitiriza kuigwira bwino ngati kale. Koma moni wawo kwa ine unafupika, ndipo sunabwererenso mwakale. Lamulolo ndimalionabe kuti linali loyenera, ndipo iwonso sanalakwe kuwawidwa mtima.